Buku lakale la mabwinja a ku Greece: musadule kaye zithunzizo

Funso ili lachokera kwa mayi wina amene akukhala ku England. Akuti pa msika wa kaunjika wa Lamulungu, uja anthu amagulitsira katundu m'mabuti a galimoto, anagula buku lakale la chikuto chachikopa, Greece: Pictorial, Descriptive, and Historical lolembedwa ndi Christopher Wordsworth, komanso chithunzi chimodzi chachikulu chopakidwa mitundu chosonyeza kachisi wa Parthenon wa ku Athens, koma mkati mwa kachisiyo muli kanyumba ka denga lozungulira komwe pa zithunzi za masiku ano kulibe. Akufunsa ngati zinthuzi ndi zenizeni kapena anawapusitsa, ngati zingagulidwe ndalama zooneka, komanso ngati angadule zithunzi zokongola za m'bukumo n'kuziika m'mafulemu pakhoma.

Achemwali, sizasi ija ibwezeni kaye mu dirowa, chifukwa pa mafunso anu atatuwa ndi lokhalo la kudula lomwe mukalakwitsa simungabwezenso. Chifukwa chake ndichifotokoza kutsogoloku, koma ndiyambe ndi kanyumba kakukudabwitsanikako poti ndi komwe kali ndi nkhani yaikulu.

Kanyumba kameneko ndi kamzikiti, ndipo wojambulayo sanakapeke ayi. Parthenon inamangidwa pakati pa 447 ndi 432 Yesu asanabadwe ngati kachisi wa mulungu wamkazi Athena, patapita zaka mazanamazana inasanduka tchalitchi, kenako Aturuki a ufumu wa Ottoman atalanda Athens cha m'ma 1450 inasanduka mzikiti, ndipo nthawi yonseyi denga linalipo, nyumba inali yathunthu ndithu. Nde mu 1687 asilikali a ku Venice otsogoleredwa ndi Francesco Morosini anazinga phiri la Acropolis pomwe pali kachisiyo, Aturuki anali atasungamo wonga wa mfuti mu kachisimo, bomba linagwera momwemo pa 26 September ndipo pakati ponse pa nyumbayo panaphulika. Pambuyo pake Aturuki atabwerera anamanga kamzikiti kakang'ono mkati mwa bwinjalo, kopendekeka pang'ono kusiyana ndi makoma akale chifukwa kanayenera kuloza ku Mecca, ndipo kanakhalapo mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1840 pamene boma latsopano la Greece linakagumula. Tsono amene anayamba kujambula chithunzi chanucho anaima pamenepo nthawi ina pakati pa zaka zimenezi, kapena anakopera kwa amene anaimapo. Izi sizikutanthauza kuti pepala lomwe muli nalolo ndi lakale choncho, imeneyo ndi nkhani ina, koma zomwe zili pa chithunzipo si zabodza.

Apa mpamene pali phindu lenileni la mabuku amenewa kwa ine, kuposa mtengo wake. Acropolis imene alendo amajambula ndi mafoni lero ndi yosesedwa, inayeretsedwa dala m'zaka za m'ma 1800 Greece itapeza ufulu ndipo Athens itakhala likulu mu 1834, anthu anachotsa chilichonse chomwe sichinali cha Agiriki akale aja. Koma kale pamwamba pa phiripo panali kamudzi ka asilikali a Aturuki ndi mabanja awo, tinyumba ta matailosi, timinda, tinjira tokhotakhota pakati pa zipilala za mwala wa mabo. Kamera inali isanabwere, nde umboni wa maonekedwe a mudzi umenewo uli m'zithunzi ngati chanucho basi.

Ndipo mukazolowera, mukhoza kumadziwa nthawi ya chithunzi pongoyang'ana zomwe zilipo ndi zomwe palibe. Mukaona nsanja yaitali ya makona anayi pafupi ndi chipata cha Acropolis, imeneyo ndi nsanja ya m'nthawi ya olamulira ochokera kumadzulo kwa Ulaya, inagumulidwa cha mu 1875 ndi ndalama za wofukula mabwinja wa ku Germany Heinrich Schliemann. Kakachisi ka Athena Nike, kaja kali pakona kudzanja lamanja mukamakwera, Aturuki anakaphwasula cha mu 1686 miyala yake n'kumangira linga la mizinga, kanadzamangidwanso mu 1835 ndi 1836, nde chithunzi cha m'ma 1700 sichingakhale nako kataimirira. Pa khonde la Erechtheion, lija denga lake lasenzedwa pamutu ndi ziboliboli za atsikana, anthu a Lord Elgin, kazembe wa Britain kwa Aturuki, anachotsa mtsikana mmodzi kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1800 n'kuikapo chipilala chonyansa cha njerwa, mukachiona chipilala chimenecho mwadziwa kuti Elgin anali atadutsa kale. Kumunsi kwa mzinda pa kachisi wa Olympian Zeus, zipilala zoimirira zinali 16 mpaka mphepo yamkuntho ya mu 1852 inagwetsa chimodzi, chomwe mpaka lero chili chigonere pansi zidutswa zake zitandandalikana, ndipo pa zithunzi zakale mumaona kakhumbi pamwamba penipeni pa zipilalazo komwe anthu ankati munkakhala munthu wodzipatula wopemphera. Ku Corinth, Korinto uja wa m'makalata a Paulo, kachisi wa Apollo ali ndi zipilala 7 lero koma zithunzi za pakati pa zaka za m'ma 1700 zimasonyeza zochulukirapo.

Mayina nawo asakusokonezeni mukamafufuza pa Google. Olemba a nthawi imeneyo anaphunzira Chilatini, nde amati Minerva pomwe ife tikuti Athena, Jupiter pomwe tikuti Zeus, Parthenon yomweyo ambiri ankangoti Temple of Minerva. Penanso ankalakwitsa kumene: kachisi wa ku Sounion ankamutcha wa Minerva pomwe ndi wa Poseidon, wa pachilumba cha Aegina ankati ndi wa Jupiter Panhellenius, kenako wa Minerva, mpaka ofukula a ku Germany mu 1901 anapeza kuti ndi wa mulungu wamkazi Aphaia, ndipo uja ankati Temple of Theseus ndi wa Hephaestus. Peloponnese ankati Morea, Crete ankati Candia, doko la Piraeus ankati Porto Leone chifukwa cha chimkango cha mwala chomwe Morosini yemwe uja ananyamula kupita nacho ku Venice komwe chili mpaka pano. Dzina lolakwika pansi pa chithunzi kawirikawiri ndi chizindikiro chabwino, osati choipa.

Tsopano mabuku akewo. Oyamba kuwadziwa ndi dokotala wa ku Lyon, Jacob Spon, ndi mnzake wa ku England George Wheler, omwe anayenda mu 1675 ndi 1676, Spon n'kutulutsa buku lake mu 1678, Wheler n'kutulutsa A Journey into Greece mu 1682. Zithunzi zawo ndi zosakongola olo pang'ono, Parthenon yawo imaoneka ngati yojambula mwana wa pulayimale, koma anthu awiriwa anaiona isanaphulike, ndipo anaonanso kakachisi ka Nike kasanaphwasulidwe, nde ofufuza amawalemekeza pa chifukwa chimenecho.

Nkhani imafika pokoma ndi mkangano wa James Stuart ndi Nicholas Revett mbali ino, ndi Mfalansa Julien-David Le Roy mbali inayo. Stuart ndi Revett anafika ku Athens mu 1751 ndipo anakhalako zaka zoposa ziwiri akuyeza chilichonse, chipilala ndi chipilala, mpaka tizigawo ting'onoting'ono ta inchi. Pa nsanja ya makona 8 yotchedwa Tower of the Winds, yomwe inali itakwiririka ndi dothi mbali yaikulu, anakumba ngalande mpaka kupeza pansi pake, ndipo nyumba ya munthu yomwe inatsamira khoma n'kubisa zosema anapempha chilolezo n'kuigwetsa, atatha kujambula n'kumumangira ina. Pali chithunzi china cha Stuart chomwe ndimachikonda, cha pa khonde la atsikana lija: antchito akukumba m'munsi kuti aone maziko, Stuart mwini wake wakhala pansi atavala zovala za kumeneko akujambula, ndipo akuluakulu a Aturuki aima pompo akuyang'anitsitsa chifukwa sankakhulupirira kuti munthu angachoke ku London kudzakumba dothi kuti angoyeza mwala, ankaganiza kuti azunguwa akufuna chuma chobisika. Koma anyamatawa anachedwa kusindikiza. Le Roy anamva za pulani yawo, ananyamuka mu 1754, anafika ku Athens kumayambiriro kwa 1755, anakhala miyezi yochepa chabe, n'kubwerera ku Paris komwe akatswiri anakonzanso masikechi ake kuti akongole, ndipo Les Ruines des plus beaux monuments de la Grèce inatuluka mu 1758, zaka zinayi buku la anzakewo lisanatuluke. Stuart zinamupweteka, moti gawo loyamba la The Antiquities of Athens litatuluka mu 1762 linali lodzaza ndi kutola zolakwa za Le Roy chimodzichimodzi, apa wawerenga molakwa, apa wayeza molakwa, apa waika chinthu chomwe kulibe. Le Roy anayankha mu kusindikiza kwachiwiri kwa 1770, mfundo yake inali yoti bwinja si manambala okha. Chodabwitsa n'choti gawo loyamba la Stuart lija munalibe Parthenon, munali tinyumba ting'onoting'ono ta kumunsi kwa mzinda, Acropolis inadzabwera mu gawo lachiwiri lomwe linafika m'manja mwa anthu Stuart atamwalira kale mu 1788, lachitatu 1794, lachinayi 1816. Ine ndikafuna kudziwa kuti mwala unali wotalika bwanji ndipita kwa Stuart, ndikafuna chokoma m'maso ndipita kwa Le Roy, koma sindingamukhulupirire Le Roy pa kuwerenga zipilala. Ndipo kuchedwa konseko Stuart ndi Revett anatisungira chinthu chimodzi chomwe palibe angachionenso: kakachisi ka m'mbali mwa mtsinje wa Ilissos komwe anakayeza mosamala, kanagumulidwa cha mu 1778 miyala yake n'kukamangira linga la mzinda.

Poti muli ku England komweko, zotsatira za mabuku amenewa mumazidutsa m'misewu. Tchalitchi cha St Pancras pa Euston Road ku London chili ndi atsikana osenza denga okopera ku Erechtheion, Radcliffe Observatory ku Oxford anatengera Tower of the Winds, ndipo ku Edinburgh ku Scotland pa Calton Hill chikumbutso cha Dugald Stewart ndi chotengera kachipilala kozungulira ka Lysicrates, komwe ku Athens kweniko nthawi ya Stuart kanali kolowa m'khoma la nyumba ya ansembe a Capuchin, kunja kwake kuli dimba la masamba.

Kenako pali Comte de Choiseul-Gouffier ndi Voyage pittoresque de la Grèce, gawo loyamba 1782, otsatira ake 1809 ndi 1822. Iyeyu anayenda mu 1776 ali mnyamata wolemera, atatenga wojambula Jean-Baptiste Hilair, ndipo buku lake ndi lokongola zedi, zilumba, madoko, amayi ovala zakwawo, mapu. Pa tsamba loyamba pali mayi womangidwa unyolo atakhala pakati pa manda a ngwazi zakale, kutanthauza Greece ili mu ukapolo. Koma munthu yemweyu atakhala kazembe wa France ku Constantinople mu 1784 analembera wantchito wake Fauvel ku Athens kuti anyamule chilichonse chomwe angathe osasiya mpata, ndipo chidutswa cha zosema za Parthenon chomwe chili ku nyumba yosungira zakale ya Louvre ku Paris chinadzera njira imeneyo. Izi muzizikumbukira mukamasirira zithunzizi: ambiri mwa amene ankalira kuti mabwinja akuwonongeka ndi omwe ankadzaza mabokosi. Zosema za kachisi wa ku Aegina zinafukulidwa mu 1811 n'kukathera ku Munich, za ku Bassae zinafukulidwa mu 1812 n'kukathera ku British Museum, ndipo m'magulu ofukulawo munali akatswiri omwe pambuyo pake anatulutsa mabuku okongola a malo omwewo.

Chithunzi chanu poti mwati ndi chachikulu komanso chamitundu, dzina loyamba kubwera m'mutu mwanga ndi Edward Dodwell, ngakhale sindinachione nde musatenge ngati ndagamula. Dodwell anali wa ku Ireland, anapita ku Greece mu 1801 kenako mu 1805 ndi 1806 ali ndi wojambula wa ku Italy Simone Pomardi, ndipo awiriwa anabwerako ndi zojambula pafupifupi 1,000. Ankagwiritsa ntchito camera obscura, bokosi la galasi lomwe limagwetsera chithunzi cha panja papepala munthu n'kumangotsatira mizere ndi pensulo, n'chifukwa chake mapiri ndi nyumba zake zimakhala pamalo pake enieni. Iye mwini analemba kuti mkulu wa asilikali pa Acropolis ankamuvutitsa kufuna ndalama zina, tsiku lina mkuluyo anasuzumira m'bokosimo n'kuona akachisi ndi asilikali ake akuyenda papepala, anachita mantha kuganiza kuti ndi matsenga, Dodwell n'kumuopseza kuti akapitiriza kuvuta amulowetsa m'bokosimo, kuyambira pamenepo sanavutenso. Nkhaniyi tikuimva mbali ya Dodwell yokha, ndipo alendo a nthawi imeneyo ankakonda kulemba eni dziko ngati anthu opepera, nde muziithira mchere pang'ono. Analiponso mu 1801 pamene anthu a Elgin ankatsitsa zosema pa Parthenon ndipo analemba kuti zinamuwawa kuona, komabe iyenso anali ndi katundu wake wakale yemwe anasonkhanitsa. Buku lake la ulendo linatuluka mu 1819, ndipo Views in Greece ya zithunzi 30 zamitundu inatuluka mu 1821, chaka chomwe nkhondo ya ufulu wa Agiriki inayamba. Chomwe ndimamukondera n'choti anthu ake si zidole zongoika pansi pa chipilala kuti tione kutalika kwake, pali msika wa Athens wodzaza Agiriki, Aturuki ndi Aalubaniya, palinso ma dervish, Asilamu opemphera movina, akuvina mkati mwa Tower of the Winds yomwe ija.

Nde tiyeni tione ngati pepala lanulo ndi lakaledi. Lichotseni mu fulemu mosamala, muliike pa tebulo loyera, manja akhale osamba ndi ouma. Choyamba zimitsani getsi la pamwamba muunikire ndi tochi ya foni chammbali, kuwala kuziyenda chogona papepalapo. Zithunzi zakalezi ankazigoba pa puleti ya mkuwa, n'kupaka inki, n'kupanikiza pepala lonyowa mwamphamvu mu makina, nde m'mphepete mwa puleti mumatsala mzere wolowa mkati wozungulira chithunzi chonse, tochi ija imauonetsa bwino ndipo chala chimaumva. Chachiwiri tengani galasi lokulitsa zinthu, olo kamera ya foni yomweyo mukaiyandikitsa, muyang'ane pamtambo kapena pamthunzi. Mukaona timadontho tofanana tondandalikana mwadongosolo, tofiira, tabuluu, tachikasu ndi takuda, basi nkhani yatha, chimenecho ndi chosindikiza cha makina a masiku ano. Chogoba chenicheni chimakhala ndi mizere yakuthwa yopingasana, inki yake yotukuka pang'ono. Chikakhala cha aquatint ngati za Dodwell, mthunzi wake umaoneka ngati timaukonde tosalongosoka tozungulira timadontho toyera, chifukwa ankawaza fumbi la utomoni pa mkuwa asanauviike mu asidi. Lithograph, yomwe anatulukira Alois Senefelder cha mu 1796 ndipo inafala m'ma 1820 ngati m'buku la Louis Dupré la 1825, imaoneka ngati choko kapena kereyoni ndipo ilibe mzere wa puleti uja poti ankajambula pamwala. Mitundu yopaka pamanja mudzaiona ikudumpha mzere pang'ono pena, pena burashi inasiya m'mphepete mokhuthala. Chachitatu kwezani pepalalo ku windo. Pepala la m'ma 1700 kawirikawiri limaonetsa mizere yopyapyala yothinana ndi ina yotalikirana yodutsa mopingasa, ndipo mukhoza kuona dzina la wopanga pepala mkati mwake, ku England lodziwika ndi J Whatman, nthawi zambiri pali ndi chaka, ndipo chaka chimenecho chimakuuzani kuti chithunzicho sichinasindikizidwe chisanafike. Pomaliza werengani timalemba ta pansi: dzina lotsatiridwa ndi del. ndi la amene anajambula, lotsatiridwa ndi sc. kapena sculp. ndi la amene anagoba, ndipo zithunzi za ku England zimakhala ndi mzere wonena wosindikiza ndi deti chifukwa lamulo la 1735 loteteza ojambula linkafuna zimenezo. Koma deti limenelo ndi la puleti, puleti yomweyo ankatha kuigwiritsanso ntchito patapita zaka zambiri, nde pepala ndi limene limanena zoona kuposa deti. Chinanso, ogulitsa ena amatenga chithunzi chakale chenicheni chomwe chinatuluka chakuda ndi choyera n'kuchipaka mitundu dzana kuti chigulike msanga, chimenecho ndi chakale inde koma osonkhanitsa sachiwerengera mofanana ndi cha mitundu yoyambirira.

Mukapeza dzina, lifufuzeni pa webusaiti ya Travelogues ya Aikaterini Laskaridis Foundation ya ku Greece, yomwe inaika zithunzi za m'mabuku a alendo amenewa ulere ndipo mungathe kusaka ndi dzina la wolemba kapena malo, kapena tsitsani buku lonse pa Internet Archive, mufananize kukula ndi malemba ake.

Kubwera ku buku lanu la Wordsworth, limenelo ndilibe nalo nkhawa kwenikweni kuti ndi lachinyengo, palibe amene angavutike kupanga labodza poti enieniwo alipo ambiri. Christopher Wordsworth anali mwana wa mchimwene wake wa wolemba ndakatulo William Wordsworth, anayenda ku Greece mu 1832 ndi 1833, pambuyo pake anadzakhala bishopu wa Lincoln. Bukuli linayamba kutuluka mu 1839, lili ndi zithunzi 28 zogoba pa chitsulo ndi zoposa 350 zogoba pa thabwa, ndipo linasindikizidwa mobwerezabwereza mpaka m'ma 1880. Apa mpamene pagona nkhani ya mtengo. Mkuwa ndi wofewa, umafufutika msanga, nde mabuku a Stuart kapena Choiseul-Gouffier ankasindikiza ochepa, aakulu ngati theka la tebulo, ogula ake anali olemera omwe ankalembetsa mayina ndi kulipiriratu. Chitsulo chitayamba kugwiritsidwa ntchito m'ma 1820 puleti imodzi inkatulutsa makope masauzande osatopa, buku n'kufika kwa aphunzitsi, abusa ndi ma kalaliki, ambiri ankapereka ngati mphoto kusukulu, mwina mukatsegula chikuto mupeza kapepala ka mphoto kapena chidindo cha sukulu. Nde Wordsworth wabwinobwino amagulidwa mapaundi makumi angapo mpaka mazana ochepa kutengera chaka ndi chikuto, pomwe Dodwell wathunthu wamitundu kapena Stuart ndi Revett magawo onse ndi nkhani ya mapaundi masauzande ambiri ku okushoni. Simunatole chuma cholemeretsa, koma simunapusitsidwenso ngati munapereka mtengo wa pa kaunjika. Dziwaninso kuti zithunzi za m'mabuku otchipirako a nthawi imeneyi kawirikawiri ankazikonza akatswiri okhala ku London kapena ku Paris kuchokera pa masikechi a anthu ena, nde mapiri amatalika kuposa mmene alili, mitambo imachita kuopsa, abusa a nkhosa amangopezeka paliponse pomwe pakufunika kudzaza mpata. Mawu a Wordsworth ndi odalirika kuposa zithunzi zina za m'buku lake lomwe.

Chomwe muchite usiku uno ndi kuwerenga zithunzi. Kumayambiriro kuli mndandanda wa zithunzi za pa chitsulo, pitani chimodzichimodzi muone ngati zonse zilipo, kuphatikizapo mapu ndi chithunzi choyang'anizana ndi tsamba la mutu, chifukwa ogula mabuku funso lawo loyamba ndi limenelo, ndipo buku losowa chithunzi chimodzi chokha mtengo wake umagwa kwambiri. Madontho a bulauni aja ogulitsa amati foxing ndi ofala pa zithunzi za pa chitsulo, amatsitsa mtengo pang'ono koma si matenda oopsa.

Za kudula zija tsopano. Pali ogulitsa amene geni yawo ndi yomweyo, kugula buku n'kuliphwasula ngati mmene amachitira ndi galimoto yogulitsa masipeya, chithunzi chilichonse pachokha mu kafulemu, ndipo chanu chachikulucho n'kutheka kuti chinachoka m'buku mwanjira imeneyo. Kwa iwo masamu amatuluka pa mabuku a zithunzi zazikulu zamitundu kapena buku lomwe linawonongeka kale. Kwa inu satuluka: zithunzi za Wordsworth ndi zazing'ono ndipo zili mbwee pamsika, chimodzi chokha sichigula olo fulemu yake, zogoba pa thabwa zija zili pakati pa mawu ndipo kuseri kwake kulinso mawu nde mukadula chimodzi mwapha masamba awiri, ndipo chotsalacho palibe adzachifune. Kuonjezera apo chithunzi chikachoka m'buku chimataya mawu ofotokoza kuti ndi kuti, anajambula ataima pati, chaka chanji, zomwe ndi zija zakupangitsani inuyo kulemba funso. Mukafuna pakhoma, jambulani tsambalo ndi foni pa kuwala kwa masana kapena tsitsani sikani yabwino pa intaneti mukasindikize ku shopu, pakhoma palibe mlendo adzasiyanitse.

Chachikulucho chikapezeka kuti ndi chenicheni, kachiikitseni kwa opanga mafulemu muwauze kuti mukufuna katoni yopanda asidi ndipo pepala lisagunde galasi, asadule m'mphepete olo pang'ono, ndipo muchipachike khoma losafika dzuwa chifukwa mitundu yopaka pamanja imafwifwa, yofiirira ndi yachikasu imayamba kuthawa chithunzi n'kutsala chabuluu. Selotepu ayi, guluu ayi, jiki kapena mandimu pofuna kuchotsa madontho ayi, mafuta pa chikuto chachikopa ayi. Chikuto chikayamba kuchoka ingomangani bukulo ndi kansalu kofewa ka thonje mpaka mudzapeze wodziwa kusoka mabuku. Nyumba zambiri za okushoni ku England zimaona katundu ulere mukatumiza zithunzi, atumizireni tsamba la mutu, msana wa buku, chikuto, mndandanda wa zithunzi, ndipo pa chachikulucho kutsogolo konse ndi m'mphepete momwe, kuseri, timalemba ta pansi ndi muyezo wake mu masentimita.

Ndipo mukadzaganiza zopita nalo kumudzi, lidzayende m'chikwama cha m'manja, ndipo kumeneko musadzalitsekere mu pulasitiki kapena mu sutikesi pansi pa bedi, chinyezi cha dzinja chimachititsa nkhungu ndipo chiswe ndi mphemvu zimakonda guluu wakale wa kumsana kwa buku. Shelefu yotalikirana ndi khoma lakunja komanso pansi, m'chipinda chopita mphepo, ndipo muzilitsegula kamodzikamodzi kuona ngati mwalowa tizilombo.